Tinadutsa pa Kasungu Osaima

Achimwene anga a Yotamu anamwalira Lolemba masana m'nyumba yawo ya lendi ku Mgona, mvula ikugwa. Linali dzinja lija la kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, limene kolera anavuta m'malokeshoni a mu Lilongwe. Anayamba kutsegula m'mimba m'mamawa, ndipo pofika nthawi ya nkhomaliro chimunthu chija chinali chitafota, maso atalowa m'kati. Alamu anga, a NyaMhango, anatuma uthenga ku Nsungwi kumene ndinkasoka zovala pakhonde la golosale ina. Ndinathamanga ndi wilibala yobwereka kuti tiwanyamulire kuchipatala, koma ndinapeza azimayi ayamba kale kulira.

Tonse tinkadziwa chimene chawatenga, ndipo tonse tinkadziwa zimene zichitike tikanena. Masiku amenewo a zaumoyo ankayendayenda mu Mgona ndi majombo awo oyera, mapampu kumsana. Anali ataletsa thobwa, mandasi ndi kanyenya, n'kutseka zitsime zingapo. Koma chimene anthu ankawaopera kwambiri chinali maliro. Munthu akafa ndi kolera, mtembo sunkakhalanso wa abale, unkakhala wa boma. Ankaukulunga m'pepala lakuda lapulasitiki, kuupopera mankhwala, n'kukauika tsiku lomwelo. Kusambitsa ayi, kuona nkhope ayi, kugona pasiwa ayi, kuphika ayi. Ndinali nditaziona ndi maso angawa pa maliro a mayi wina woyandikana nawo. Ola limodzi zonse zinali zitatha, mwamuna wake ataima patali ngati wodutsa ndi njira.

Tsono ife a ku mpoto, kaya wakhala mu Lilongwe zaka makumi atatu, ukafa umapita kwanu. Anzathu achichewa amatiseka kuti Mtumbuka amabwera m'tauni pa basi n'kubwerera pa lole. Azitiseka, koma ndi mmene zilili. Kwa ife panalinso china. Adada anafera kumigodi ku Joni ife tili ana, ndipo Amama sanaone nkhope yawo ngakhale manda awo. Tsiku limene ine ndi achimwene tinkachoka kumudzi kwathu, kuseri kwa Mzimba, kubwera kudzafuna ntchito, Amama anatilumbiritsa kuti wina akadzatsogola, wotsalayo adzabwere naye kunyumba iwo adzamuone. Wotsalayo ndinali ine.

A Munthali, mkulu wa mpingo wathu, anandiitanira kuseri kwa nyumba.

"A Nyirenda, mwaganiza bwanji?"

"Ndikupita nawo kwa Amama."

"Nanga a majombo aja?"

"Awauze ndani? Awa ndi malungo."

A Munthali anandiyang'ana nthawi yaitali. Anali munthu woopa bodza, koma nawonso kwawo n'ku Rumphi. "Malungo a chaka chino ndi oopsadi," anatero, n'kubwerera kwa anthu.

Zinthu zinayenda mosavuta mpaka ndinachita nazo mantha. Mayi mwini nyumba anati iwo sanaone kanthu, bola tichoke m'mawa, chifukwa a zaumoyo akamva adzawatsekera chitsime cha papuloti. Mfumu ya m'deralo inatilembera kalata yoti malemu adwala malungo masiku atatu. Kampani ya ku Kanengo kumene achimwene ankagwira ntchito ya ulonda inapereka bokosi ndi lole. Uthenga tinakapereka kuwailesi kuti kumudzi ayambe kukumba. Thupi tinasambitsa awiri, ine ndi a Munthali, titavala mapepala a shuga m'manja n'kumadziona ochenjera. Palibe anakumbuka kuti alamu anakhala akuchapa nsalu ndi mabulangete a wodwala chiyambire m'mawa ndi manja awo enieni, m'beseni lomwe ankatsukiramo mbale.

Tinanyamuka Lachiwiri kutangocha, a majombo asanayambe kuzungulira. Kumbuyo kunakwera a Munthali, amuna awiri a kwathu, ndi amayi a kumpingo asanu ndi awiri atavala zoyera zawo. Alamu anakhala kumutu kwa bokosi monga mwa mwambo. Ana awo awiri, Wezi ndi Tawonga, tinawasiya ku Nsungwi ndi mkazi wanga chifukwa cha mvula. Tawonga analira kuti akufuna kukwera nawo galimoto, ndipo mayi ake anamunyengerera kuti abwera Lamulungu ndi mtedza wa kwa agogo.

Ine ndinakhala kutsogolo ndi dalaivala, a Chisale, bambo wonenepa wa ku Dowa wosatha kukhala chete. Asanalize injini anathyola nthambi zamasamba n'kuzisomeka kutsogolo kwa lole kuti aliyense aone kuti tanyamula zovuta.

"Inu Atumbuka mudzatimalizira matayala," anatero tikudutsa pa Kanengo. "Mwezi uno wokha ulendo uno ndi wachitatu. Kodi manda a kuno ali ndi nsikidzi?"

Ndinaseka pang'ono, mwaulemu chabe.

"Pepani, pakamwa panga m'pomwepa. Chawatenga n'chiyani akuluwa?"

"Malungo."

"Ha, malungo! Bola amenewo. Ine chimene ndikuopa ndi kolerayu. Ku Chinsapo kumene ndimakhala ndasiya ngakhale moni wa pamanja." Ananena zimenezi ataiwala kuti m'mawa womwewo anandigwira dzanja nthawi yaitali pondipepesa.

Pa rodibuloko ya ku Lumbadzi wapolisi anabwera pang'onopang'ono, anaona nthambi zija, anamva nyimbo ya amayi kumbuyo, n'kuvula chipewa. Kalata ija anangoiyang'ana pamwamba. "Pepani abambo, muyende bwino," anatero, mnzake akusuntha mgolo. Ndikunena zoona, ndinanyada. Mumtima ndinati a majombo atsale ndi mapampu awo, mwana wa Amama akupita kwawo.

Titangodutsa pa Mponela tinamva kugogoda padenga. A Chisale anaima. Amayi awiri anatsitsa alamu n'kulowa nawo m'chimanga, wina atatambasula chitenje. Sindinaganizire kanthu. Tisanafike pa Madisi anagogodanso. Titadutsa Madisi anagogoda kachitatu, ndipo ulendo umenewu alamu sanathe kukwera okha, anachita kuwakankhira m'mwamba.

"Mayiwa adya chiyani?" anafunsa a Chisale. "Tikamaima chonchi, Mzimba tikafika mawa."

Pa mlatho wa Bua anagogoda anali a Munthali. Anabwera pawindo langa nkhope itagwa. "A Nyirenda, tatsikani." Ananditengera kumbuyo kwa lole, kutali ndi makutu a dalaivala.

"Zija zayamba mwa alamu anu. Akusanza, ndipo zikutulukazo zili ngati madzi otsukira mpunga. Pa Kasungu tiime pachipatala."

"Tikaima atifunsa chimene chili m'lolemu."

"Atifunsadi."

"Ndiye atilanda."

"Atilanda wakufa, a Nyirenda. Uyu ndi wamoyo."

Ndinapsa mtima, chifukwa ankanena zoona ndipo ine sindinkazifuna. Ndinakwera kumbuyo. Alamu anali atatsamira bokosi, milomo itauma gwa. Ndinawafunsa ngati tiwasiye pachipatala pa Kasungu ndi mayi mmodzi, ife n'kupitirira.

"Iyayi alamu," anatero. "Ndikatsala panjira kwanu akati chiyani? Akati mkazi uja anathawa maliro a mwamuna wake. Ndilimba. Kwatsala maola angati?"

"Anayi basi."

Sanali anayi, ndipo ndinkadziwa. Munthu wodwala motero safunsidwa maganizo, umangomunyamula. Koma alamu ananena zimene makutu anga ankafuna kumva, ndipo ndinazilandira ndi manja awiri. Ndinatembenukira a Munthali n'kuti mwamva nokha. Pa Chinkhoma ndinagula shuga ndi mchere, ndinasakaniza m'chigubu cha madzi, n'kuuza amayi kuti aziwamwetsa pang'onopang'ono. Ndinabwerera kutsogolo ndikudziuza kuti ndachitapo kanthu.

Tinalowa mu Kasungu cha m'ma leveni koloko. Anthu anali pikitipikiti, mabasi, njinga, ogulitsa chimanga chootcha. A Chisale anayamba kuchepetsa liwiro.

"Pano ndiye timadyapo tchipisi, bambo Nyirenda. Komanso mayi aja bwanji tiwaonetse kwa adokotala? Chipatala ndi icho, si patali."

"Ndi chisoni chabe. Sanadye chiyambire dzulo. Tiyeni, mvula ingatipeze."

Padenga panamveka kugogoda, kawiri, katatu, kenako kwa chibakera. Ndinadziwa kuti ndi a Munthali. Ndinauza a Chisale kuti asasamale, amayiwo akungofuna kugula zogula, apondetse mafuta. Chikwangwani cha chipatala ndinachiona bwinobwino chikudutsa pawindo, ndipo ndinayang'ana kumbali.

Sitinapite patali. Tisanafike pa Chatoloma, pamalo pomwe panali minda ya fodya ndi zigafa zokhazokha, injini inayamba kutulutsa nthunzi. Lamba wa fani anali ataduka. A Chisale anatukwana lole, anatukwana makaniko wa kukampani, anatukwananso mvula imene inayamba nthawi yomweyo. Kenako anapita kumbuyo kukatenga masipanala. Atatukula lona anaima njo. Anaona ndowa, anaona alamu, anaona amayi atasiya kuimba. Anabwerera kwa ine akuyenda pang'onopang'ono.

"Bambo Nyirenda, malungo aja ndi amenewa?"

Sanadikire yankho langa.

"Mwandipha inu! Ana asanu ndi mmodzi ndili nawo ine! Mwandisenzetsa kolera kuchokera ku Lilongwe, ine n'kumakusekererani! Ndiye munthu akufa, chipatala chili apo, inu mukuti pondani mafuta? Ndinu munthu inu?"

Anatsegula thanki n'kusamba dizilo m'manja mpaka m'zigongono. Komatu omwewo ndiwo anakaima pakati pa msewu, mvula ikuwanyowetsa, kuimitsa magalimoto. Basi ina inadutsa osaima. Mathiraki awiri anangoliza hutala. Pikapu ina inaima ndipo mwini wake anavomera, koma ataona tikutsitsa mayi wolefukiratu kuchokera pambali pa bokosi la maliro, analiyatsa liwiro chitseko chisanatsekedwe n'komwe.

Tinakhala pamenepo maola oposa atatu. A Chisale anayesa chingwe cha lona, chinaduka. Anayesa mphira ya tchubu, inavuka injini itangolira. Ine ndinakabisala mvula pansi pa lole, ndipo ndinapeza a Munthali ali momwemo, Baibulo atalilowetsa m'malaya kuti lisanyowe. Tinakhala moyang'anizana, madzi akuyenda pakati pathu.

"Ndinagogoda," anatero.

"Ndinamva."

Anthu a m'mudzi wapafupi ataona nthambi zija anabwera kudzapepesa, monga amachitira anthu aulemu. Mayi wina anasenza dengu la maungu ophika. Anagwada m'matope n'kutambasula dzanja kuti apereke moni kwa alamu, amene tinali titawagoneka pamphasa m'mphepete mwa lona. Apo m'pamene ndinakuwa.

"Musayandikire! Muli kolera muno!"

Kanali koyamba kulitchula dzinalo chimwalirireni achimwene. Mayi uja anasiya dengu pomwepo n'kubwerera chafutambuyo, anzake atabalalika kale. Bambo wina yekha ndiye anaima patali n'kutikuwira kuti kutsogolo kuli kachipatala kakang'ono, ndipo kali ndi tenti ya odwala otere.

Madzi anga a shuga aja alamu ankangowabweza. Zala zawo zinali zitakwinyika, miyendo ikukokana, mawu atatha. Anandikodola, ndipo ndinaika khutu pafupi.

"Nsapato za Tawonga zili kwa wosoka uja wa pamsika. Mukazitenge, angagulitse."

"Mukazitenga nokha, alamu."

Anangotseka maso. Pamapeto pake a Chisale anapota zingwe zitatu za nayiloni pamodzi, ndipo zinagwira. Tinayenda liwiro la ngolo, kuimaima kuthira madzi mu injini.

Kachipatalako sinditchula dzina. Tinafika cha m'ma folo. Anthu awiri ananyamula alamu kulowa nawo m'tenti, ndipo ndinamva namwino akudandaula kuti mitsempha yathawa, singano ya diripi ikukana kulowa. Ndisanapume n'komwe kunatulukira bambo wina woonda, wa imvi zapatalipatali, atavala majombo oyera omwe aja ndinawathawa ku Mgona. Ameneyo ndiye anali mkulu wa zaumoyo m'deralo. Sanakalipe. Anazungulira lole kamodzi, anawerenga kalata ya amfumu, anaipinda, n'kutambasulira dzanja a Chisale.

"Makiyi."

A Chisale anapereka osafunsa kawiri.

"Mwini maliro ndani?"

"Ndine."

"Abambo, galimoto iyi sichoka pano. Thupi tiika lero lomwe dzuwa lisanalowe. Nonsenu mukhala pano mpaka nditakumasulani. Zovala ndi zofunda za malemu titentha."

A Munthali anayesako. "Achimwene, masiku ano ndi a matipate. Zokakamizana zinapita. Munthu ali ndi ufulu wokaika m'bale wake kwawo."

"Ufulu ulipo, abambo, nanenso ndinavota. Koma lamulo la matenda opatsirana silinafufutidwe. Kukagwa mliri limandipatsa mphamvu yoimitsa galimoto, yosunga anthu, yotentha katundu, ndi yoika maliro. Sindinalilembe ndine, koma lero ndiligwiritsa ntchito."

Kalanga ine! Munthu amene ndinanyada pa Lumbadzi uja ndinagwada m'matope pamaso pa amayi onse aja. Ndinati khomani misomali ina, thirani mankhwala anu onse, kwerani nafe mukaone nokha kuti sititsegula. Ndinamuuza za Adada, za Amama, za manda amene anakumbidwa kale. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Kwanu kwasonkhana anthu angati?"

"Mudzi wonse."

"Mayi anu akati tsegulani ndione mwana wanga, inu mukana?"

Anadziyankha yekha.

"Simukana. Akamusisita kumaso, akagwirana manja ndi mudzi wonse, kenako mukasamba m'beseni limodzi n'kudya. Sabata yamawa mukakumba manda angati?"

Ndinadzuka ndi ukali n'kumugwira malaya pakhosi. Sanagwedezeke. Wapolisi amene anali atangofika panjinga ndiye anandichotsa. Bamboyo anangokonza kolala yake.

"Nditafuna, mukagona m'chitokosi chifukwa cha kalata yabodzayi. Koma muli ndi zovuta. Kwanu mutu wa malemu umaloza kuti?"

Funso limenelo linandithera mphamvu. Ndinamuuza, ndipo anachitadi momwemo.

Anaika achimwene kuseri kwa chipatala, pamalo amene mudzi unapereka kaamba ka ofa ndi mliri. Panali kale mitumbira itatu yatsopano. Amuna anayi ovala majombo ndi magolovesi ananyamula bokosi, analipopera klorini, n'kulitsitsira m'dzenje limene pansi pake panali patalowa madzi. Ife tinaima kuseri kwa chingwe chimene anamanga. Anatilola nyimbo imodzi ndi pemphero, ndipo a Munthali anapemphera m'Chitumbuka. Kenako a majombo aja anasonkha moto. Sutikesi ya zovala za achimwene imene tinkapita nayo kukagawa kumudzi inapsa yonse, pamodzi ndi jekete imene ndinawasokera ndekha pa ukwati wawo. Ndinadana naye bambo wa zaumoyo uja tsiku limenelo, ndipo sindibisa, kachidani kena kakadalipo mpaka lero ngakhale ndikudziwa kuti sanalakwe. Madzulo omwewo anatumiza uthenga kudzera kupolisi kuti kumudzi anthu abalalike ndipo asaphike, thupi laikidwa panjira.

Alamu anamwalira Lachitatu dzuwa likutuluka. Namwino anati anayesetsa, koma madzi anali atatheratu m'thupi. Bambo wa zaumoyo anabwera ndi kabuku kake pakhumbi la odikirira odwala pamene ankatisunga.

"Anayamba nthawi yanji?"

"Pa Mponela. Cha m'ma eyiti."

"Pa Kasungu munadutsa nthawi yanji?"

"Cha m'ma leveni."

Analemba. Anandiyang'ana kamodzi n'kutseka kabukuko. Bola akananditukwana ngati a Chisale. Alamu anawaika pambali pa amuna awo, opanda bokosi, m'pepala lakuda lomwe lija ndinkalithawa. Ndinapempha kuti uthenga wachiwiri asatumize, ndikanena ndekha.

Anatisunga mpaka Loweruka. Ankatipatsa mapiritsi ndi madzi onunkha klorini, wapolisi atakhala pampando pachipata. Mmodzi wa amuna a kwathu aja anayesa kuzemba kuti akagule fodya, ndipo anabwera naye atamugwira lamba. Anthu a pamsika anakana kutigulitsa chilichonse, moti ufa umene tinkadya unachokera kunyumba kwa bambo wa zaumoyo yemweyo. Lachinayi mayi mmodzi wa kumpingo anayamba kutsegula m'mimba. Anamuika diripi nthawi yomweyo, ndipo pofika Loweruka anali akuchapa yekha chitenje chake. Ndinkati ndikamuona akuyenda, mtima unkandiwawa kosaneneka. Matenda omwewo, tenti yomweyo, namwino yemweyo, kusiyana kwake kunali maola basi. A Chisale ankadyera payekha ndipo sanandiyankhulenso. A Munthali ankandipatsa moni m'mawa uliwonse, ndipo moni umenewo ndiwo unkandipweteka koposa.

Loweruka m'mawa bambo wa zaumoyo uja anabweza makiyi. Lole anali ataipopera mpaka fungo linkalasa m'maso, lamba watsopano atachokera ku Kasungu. A Chisale anazula nthambi zouma zija n'kuzitaya m'ngalande. Onse anabwerera ku Lilongwe. Ine ndinaoloka msewu n'kuima mbali ya ku mpoto, ndili ndi kachikwama kamodzi.

Basi inabwera itadzaza, ndipo ndinaima chilili mpaka pa Jenda, mayi wina atandipanikiza ndi mtolo wa kaunjika. Pa Jenda ndinapeza mpando. Nkhani imene inali m'basimo inali yanga. Wina ankati lole ija inanyamula mitembo itatu. Wina ankati mwini maliro anamenya dokotala mpaka kumugulula dzino, ndipo ali kundende. Mayi wa kaunjika uja anati munthu wotero ndi mfiti, ankafuna kumaliza mudzi wake womwe. Bambo amene ndinakhala naye, wa chipewa cha zikopa, anandigunda ndi chigongono.

"Inu mukuti bwanji, adada? Si uchitsiru umenewo?"

"Ndi uchitsiru," ndinayankha.

Pa Mzimba ndinadikira matola mpaka masana, kondakitala akulumbira kuti kwatsala munthu mmodzi pamene kumbuyo kunali anthu anayi okha. Itanyamuka inakatitimira pakamtsinje kena, tonse tinatsika kukankha, ndipo thalauza langa linasanduka lofiira mpaka m'maondo. Mtunda womaliza ndinayenda wapansi, ndipo sindinafulumire.

Ndinafika dzuwa litapendeka. Pabwalo panali zii. Mabenchi a kutchalitchi anali ataunjikidwa pansi pa mango, nkhuni zili mulu osayatsa. Wa zaumoyo wa kwathu anali atabalalitsa anthu Lachitatu m'mawa. Anandichingamira abambo aang'ono, mng'ono wawo wa Adada, ndipo anandiuza kuti manda akadali chitsegukire, angovundikirapo malata. Kwathu manda akakumbidwa sakwiriridwa opanda kanthu. Thupi likapanda kubwera amadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu, n'kuligoneka m'malo mwa munthuyo. Koma Amama anali atakaniza kudula mpaka atamva kuchokera pakamwa panga. Amuna awiri okumba manda atandiona anadzuka n'kukaima pa nthochi za kuseri kwa nyumba, wina atagwira chikwanje.

Amama anali pamphasa pakhonde, atachepa kuposa mmene ndinawasiyira. Ndinagwada, ndipo anandigwira manja onse awiri. Ndinafuna kuwabweza manja angawo, koma anagwiritsa.

"Wabwera wekha," anatero m'Chitumbuka.

"Ndabwera ndekha, Amama."

"Za Yotamu ndamva. Boma lamuika. Unaona pamene amugoneka?"

"Ndinaona."

"Chabwino." Anasuzumira kumbuyo kwanga, kunjira. "Nanga mkamwana wanga? Wabwerera ku Lilongwe kwa ana?"

Ndinali nditakonza mawu ulendo wonse kuchokera pa Jenda, koma ndinangopukusa mutu. Amama anandiyang'anitsitsa.

"Matenda omwewo?"

"Omwewo. Anayambira panjira."

"Panjira ponsepo panalibe chipatala?"

"Chinalipo, Amama."

Anasiya manja anga pang'onopang'ono n'kuika awo pamiyendo. Sanalire. Anatembenukira kuseri kwa nyumba kumene kunali amuna aja, n'kukweza mawu.

"Dulani awiri."